Chimbale chatsopano cha woyimba wachikulire: tiyambire pati?

Mnyamata wa ku Domwe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Kuno ku Angónia kuli bambo wina woyimba ndi gitala, zaka zapitirira 70. Nyimbo zawo zakale zili pa makaseti anayi okha, koma apeka zina zatsopano zisanu ndi zitatu ndipo akufuna chimbale. Situdiyo yapafupi ili ku Ulongwe, ya kompyuta ndi kiyibodi. Tiyambe ndi chiyani kuti mawu a madalawa asawonongeke?

Mmisiri wa ku Moatize:
Achimwene, yambani ndi makasetiwo, chifukwa ndi amene angakuthaweni msanga. Thyolani kaye tizitseko tiwiri tapamwamba pa kaseti iliyonse kuti wina asajambulepo mwangozi. Yang'anani kasiponji kamene kamakankhira tepi ku mutu wa wailesi, kachitsulo kowerenga mawu a pa tepi. Kakagwa, mawu amamveka ngati munthu akuyimbira m'mtsuko, ndiye kamateni kena kochokera pa kaseti yotha ntchito. Tepi yokhalitsa imamatana, choncho ipititseni kumapeto n'kuibweza kamodzi musanaiyimbe. Mutu wa wailesi pukutani ndi thonje lonyowetsa mu spiriti, udikire uume. Mukamva mawu akugwedera, nthawi zambiri vuto ndi lamba wa wailesi wofutukuka. Sinthani lamba kapena pezani wailesi ina.

Lumikizani waya kuchokera ku wailesi kupita ku kompyuta, osaika foni pafupi ndi sipika. Sungani mu WAV (mtundu wa fayilo wosachepetsa mawu), 44.1 kHz, malo atatu osiyana. MP3 ndi yotumizira anthu, si yosungira.

Mayi wa ku Tsangano:
Ine ndikhalitse pa kujambula, chifukwa apa ndi pamene zimbale za achikulire zimafera. Anyamata a musitudiyo anazolowera kuyamba ndi ng'oma za pakompyuta, kenaka woyimba azithamangira pambuyo. Munthu amene wayimba zaka 50 ali ndi gitala pamwendo ali ndi kayendedwe kake: amafulumira pa kolasi, amachedwerako akamafotokoza nkhani. Mukamumangira ku ng'oma yosasunthayo, amayamba kuwerenga m'malo moyimba. Ajambuleni mawu ndi gitala nthawi imodzi, zina zonse zibwere pambuyo n'kutsata iwo. Kumbukirani mmene Giddes Chalamanda anabwererera m'makutu a anthu mu 2020 atayimba ndi Patience Namadingo: mawu a agogowo anasiyidwa poyera, zoyimbira sizinawakwirire.

Kiyi yakale musaikakamire. Mawu apamwamba amachepa ndi ukalamba, ndiye tsitsani nsambo zonse ndi fureti (tizitsulo topingasa pa khosi la gitala) imodzi kapena ziwiri mpaka bambowo afike pamwamba osatupa mitsempha ya pakhosi. Nsambo zatsopano ikani kutatsala masiku atatu, chifukwa tsiku loyamba zimafutukuka ndipo gitala imasochera pakati pa nyimbo.

Maikolofoni ya mawu ikhale masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pakamwa, ndi kansalu kotchinga mpweya. Ya gitala iloze pa fureti ya 12, osati pabowo, pamenepo pamangotuluka kugunda kokhakokha. Mawu okwera kwambiri asapitirire -6 dB pa muyeso wa pakompyuta wosonyeza kukwera kwa mawu. Akasweka pojambula, palibe kompyuta yowakonza.

Nyimbo ziwiri kapena zitatu patsiku zakwana, iliyonse osapitirira katatu. Ulendo wachinayi pakhosi pamakhala patauma kale. Madzi ofunda akhale pafupi, ozizira ayi. Ndipo ngati denga ndi la malata, pewani dzinja, kuyambira Novembala mpaka Malichi mvula idzalowa mu nyimbo iliyonse. Masana a Okutobala nawo malata amathetheka ndi dzuwa. Juni ndi Julayi ndiye miyezi yabwino. Pachikani mabulangete kukhoma, zimitsani firiji.

Mphunzitsi wa ku Zóbuè:
Zonsezi n'zoona, koma pepala lisatsalire. Musanajambule, lembani pangano m'Chipwitikizi ndi m'Chichewa: wopeka ndani, mwini wa zojambulidwazo ndani, wa situdiyo akulipidwa kamodzi kapena ali ndi gawo. Muwawerengere bambowo mokweza pamaso pa mboni ya kubanja, asayine kapena adinde chala. Mafayilo onse a situdiyo mutenge tsiku lomaliza kulipira. Makompyuta amafa, ndipo ena amafufuta ntchito yakale kuti apeze malo.

Nyimbo mukazilembetse ku SOMAS, bungwe la opeka la kuno ku Mozambique. Popeza zidzawoloka malire n'kumveka ku Dedza ndi ku Ntcheu, funsaninso ku COSOMA, bungwe loteteza ntchito za opeka ku Malawi, ku Lilongwe za ndalama za mawailesi a ku Malawi.

Kanthu kena kakang'ono: kuno timalemba “c” pamene a ku Malawi amalemba “ch”. Sankhani kalembedwe kamodzi ka mitu ya nyimbo, kakhale komweko pachikuto, pa YouTube ndi pa pangano, apo ayi ofufuza sadzazipeza.

Mmisiri wa ku Moatize:
Ndiwonjezere pa kutumiza. Popereka nyimbo ku Rádio Moçambique ku Tete kapena ku mawailesi a m'madera, pitani nazo pa fulashi. Ngati mukutumiza pa WhatsApp, tumizani ngati dokumenti kuti fayilo ifike monga ilili. Ndipo zisatuluke mu situdiyo tsiku lokhazikitsa lisanakwane. Imodzi ikangofika kwa oika nyimbo m'mamemori pamsika, mawa lake chimbale chili m'foni ya aliyense, bambowo asanaone ngakhale metikali imodzi.