Mayeso a masamu a ACCUPLACER, ndiwerenge kapena ndikangolemba?

Admin ndibiseni dzina chonde. Moni nonse, makamaka amene muli kuno ku America. Ndikufuna kuyamba za unamwino pa community college ina kuno, panopa ndimagwira ya CNA (wothandizira anamwino) mashifti ausiku. Mapepala ndapereka onse koma akuti ndisanasankhe makalasi ndilembe kaye ACCUPLACER ya masamu aone kuti andiika pati. Ine masamu tinasiyana pa MSCE, ndinapeza 6 yochita kukokera, ndipo ndi kale zedi ana awiri abadwa pakatipa. Dzulo ndatsegula mafunso oyeserera a College Board, eni ake a mayesowa, ndikupeza 3/4 kugawa ndi 2/5, mutu unangoti zii. Kuntchito akundiuza zosiyana, wina akuti osawerenga ukangolemba mmene ulilimo kuti akuike kalasi yokuyenera, wina akuti ndidzitsekere mwezi wathunthu. Amene munalembapo ndithandizeni, ndiwerenge kapena ayi, nanga ndiyambire pati poti nthawi yanga ndi kam'mawa kokha ndikaweruka ndisanagone?

Ndemanga

Achemwali werengani. Amene akuti osawerengayo sadzakulipirirani fizi. Zoona mayesowa alibe kukhoza kapena kulakwa, koma malikisi akatsika amakuponyani ku developmental math, kalasi yoti ndalama mukulipira, buku mukugula, tulo mukusala, koma ma credit ake sawerengedwa pa digiri yanu. Semesita imatha, nthawi zina ziwiri, musanafike pa masamu amene a nursing akufuna, anzanu atalowa kale.

Ine ndinalemba. Zigawo za masamu zilipo zitatu, Arithmetic, kenako QAS yomwe ndi algebra ya Form 2 mpaka Form 3 kuphatikiza statistics pang'ono, ndiye AAF ya ma quadratic, ma log ndi trigonometry. Chigawo chilichonse mafunso 20 ochita kusankha yankho, malikisi amayambira 200 kulekeza 300. Kompyuta imakutsatirani, mukakhoza funso lotsatira limalimba, mukalakwa limafewa, ndipo mukadina next basi kubwerera kulibe. Ndiye mukaona mafunso akuuma musachite mantha, ndiye kuti zikuyenda. Nthawi sawerengera, khalani phee muzichita papepala lomwe akupatseni. Malikisi ofunika koleji iliyonse imaika ake, imbani ku testing center mufunse kuti kalasi yomwe a nursing amafuna ikufunika angati komanso akulembetsani zigawo ziti, musavutike ndi trigonometry pomwe sakufunsani nkomwe.

Nkhani yaikulu ndi calculator mayi. Yanu simulowa nayo, foni ndiye musatchule, imangotulukira pa sikilini pa mafunso ena okha. Anthu ambiri akuluakulufe sitigwa ndi algebra ayi, timagwa ndi ma fraction, ma decimal, ma percent ndi manambala a negative chifukwa tinazolowera kudina foni. Funso lanu lija la 3/4 kugawa ndi 2/5, tembenuzani fraction yachiwiriyo muchulukitse, 3/4 × 5/2, mupeza 15/8 yomwe ndi 1 ndi 7/8. Mwaona? Simunaiwale, zangochita dzimbiri. Yambani pamenepo sabata ziwiri zoyamba ndi pensulo, times table ibwerere m'mutu.

Mwini post: eeh zoona kutembenuza kuja, aphunzitsi athu a Standard 7 akanandiona akanandikwapula kkkk

Koma tisamunyozeretu wakuntchitoyo, ali ndi kamfundo. Kukumbukira zomwe unaphunzira kale ndi kwabwino, koma kuloweza timachenjerero kuti udumphire kalasi yapamwamba ndi kudzipweteka wekha. Mlamu wanga anachita zimenezo, anamuika college algebra, pofika pakati pa semesita anaisiya ndalama zitapita. Ku nursing amayang'ana kwambiri GPA, avereji ya magiredi a makalasi anu onse, bola A m'kalasi yoti ukuitsata kusiyana ndi D yakumwamba. Funsaninso advisor ngati ali ndi corequisite, makoleji ambiri pano amakulowetsa kalasi yeniyeni limodzi ndi ina yothandizira pambali.

Khan Academy ndi yaulere, app ilipo pa foni. Tengani Pre-algebra kenako Algebra 1. Koma kuonera mavidiyo mutagona pabedi si kuwerenga ayi, mugona pa mphindi yachitatu, chitani ma exercise. Komanso zolowerani kalembedwe kakuno, zomwe timati gradient iwo amati slope, y = mx + c yathu ija kuno ndi y = mx + b, ma indices ndi exponents. Miyezo nayonso, ma inchi 12 ndi foot imodzi, ma ounce 16 ndi paundi imodzi, kilo ndi mapaundi 2.2, iyi mudzaifunanso pa TEAS (mayeso olowera ku nursing) ndi powerengera mankhwala.

Ine ndingoti musakalembe mutachokera ku shifti. Sankhani tsiku la off mutagona bwinobwino.

Mwini post: Zikomo nonse, ndiwerenga ndithu. Nanga zikakanika amalola kubwereza?

Ambiri amalola koma malamulo ndi a koleji yanu, ena amakudikiritsa masabata, ena amalipiritsa kachiwiriko. Mufunse tsiku lomwelo mukamaimba ku testing center, ndipo musungitse tsiku lolemba kulembetsa makalasi kusanatsekedwe kuti mpata wobwereza ukhalepo.