Gulu la ana a ku Ntcheu kunja: maimelo abodza onamizira PayPal ndi makampani otumiza ndalama

Wa ku Lizulu, Johannesburg: Abale anga, mwaswera bwanji nonse. Nyengo yotumiza ndalama za feteleza ndi mbewu yakwana, ndipo akamberembere nawonso amaidziwa bwino nyengo imeneyi. Kukuyenda maimelo onamizira PayPal, Mukuru, Mama Money ndi WorldRemit. Nkhani yake ndi imodzimodzi: akaunti yanu yatsekedwa, ndalama zimene munatumiza zaimitsidwa, dinani apa pasanathe maola 24. Amene mukuzidziwa bwino, tithandizaneni.

Wa ku Tsangano, Cape Town: Zikomo achimwene. Dzina looneka pamwamba pa imelo lisakunamizeni, aliyense atha kulemba PayPal pamenepo. Mu Gmail ya pa foni, dinani kamuvi kali pansi pa dzinalo kuti adiresi yonse ioneke, kenako muone zimene zili kumanja kwa chizindikiro cha @. Akuba amasintha chilembo chimodzi chokha: l wa paypal asanduka nambala 1, m wa mukuru asanduka r ndi n zogundana. Pa foni yosweka galasi, usiku mutatopa ndi ntchito, simungaone. Koma ngakhale adiresi itakhala yolondola musanene kuti basi, imeneyonso amatha kuibera.

Wa ku Nsipe, Rustenburg: Linki ndiye poterera penipeni. Musaidine. Ikanikizeni ndi chala osachotsa mpaka adiresi yake ituluke. Kuwerenga kwake nkotere: siyani https:// yakumayambiriro, pitani mpaka pa kamzere kopendekera koyamba, ka /, ndiye mubwerere m'mbuyo mawu awiri. Mawu awiriwo ndiye mwini tsamba, koma ngati adiresiyo ikuthera ndi .co.za kapena .co.uk, mubwerere mawu atatu. Mukaona paypal.com/signin, mwini wake ndi paypal.com. Mukaona paypal.com.chinachake.top/signin, mwini wake ndi chinachake.top, dzina la PayPal angoliika kutsogolo ngati nyambo pa mbedza. Kaloko kaja koonekera pambali pa adiresi sikatsimikizira kuti tsambalo ndi loona. Kamangosonyeza kuti zimene mukulemba sizikuwerengedwa panjira, koma kumene zikukafikako kungakhale kwa wakuba yemweyo.

Wa ku Kampepuza, Durban: Pepani akuluakulu, ndifunseko. Paja amati PayPal imatchula dzina lako lonse, osati "Dear customer". Ndiye imelo ikatchula dzina langa lenileni ndi yoona?

Wa ku Tsangano, Cape Town: Ayi achemwali. N'zoona kuti imelo yopanda dzina lanu muikayikire msanga, koma yokhala ndi dzina sikuti yapambana mayeso. Mayina ndi maimelo athu ali ponseponse, pa Facebook, pa CV zimene timatumiza pofuna ntchito. Ndipo pali chinyengo china chovuta kwambiri. Aliyense wokhala ndi akaunti ya PayPal atha kukutumizirani invoice kapena pempho la ndalama. Imeloyo imachokeradi ku PayPal, adiresi yolondola, linki yolondola. Bodza lili m'kabokosi ka uthenga, mmene wakubayo walemba kuti mwagula katundu wa madola mazanamazana, ngati si inu imbani nambala iyi. Invoice si umboni woti ndalama zachotsedwa, ndi munthu chabe akukupemphani. Musalipire, ndipo musaimbe. Mukaimba, amene ayankhe adzakuuzani kuti muike AnyDesk kapena TeamViewer pa foni kuti akubwezereni ndalama. Mukangoika n'kumuwerengera nambala yoonekera pamenepo, akuona chilichonse pa foni yanu, ndi apu ya banki yomwe.

Wa ku Lizulu, Johannesburg: Njira yosavuta kwa amene zowerenga maadiresizi zikukuvutani: tsekani imeloyo, tsegulani apu yeniyeni imene mumagwiritsa ntchito masiku onse, kapena lembani nokha adiresi ya kampaniyo. Ngati palidi vuto ndi akaunti, mukalipeza mkatimo. Ngati mkati muli zii, imeloyo ndi yabodza. Nambala yoimbira itengeni mu apu kapena kumbuyo kwa khadi la banki, osati mu imelo.

Wa ku Biriwiri, Leeds: Ndiwonjezere za ogulitsa zinthu pa Facebook Marketplace, kaya foni, kaya firiji. Wogula amati walipira, ndiye kumabwera imelo yonena kuti ndalama zasungidwa mpaka mutumize katundu, kapena kuti akaunti yanu ndi yaing'ono, muyambe mwalipira kuti ikwezedwe. Ina imati walipira mopyola, mubweze zotsalazo. Zonsezi katundu asachoke m'manja ndalama zisanaoneke mu balansi yanu, mu apu yanu, ndi maso anu. Skirinishoti kapena PDF ya umboni wolipira amaipanga pa mphindi zochepa. Inunso mukamagula kwa munthu wosamudziwa, musalole kulipira ngati Friends and Family, njira imeneyo ilibe chitetezo cha wogula.

Wa ku Nsipe, Rustenburg: Za OTP, manambala achinsinsi ogwira ntchito kamodzi kokha aja, zisatipitirire. Tsamba labodza likatenga pasiwedi yanu, wakubayo amailemba nthawi yomweyo pa tsamba lenileni. Kampani yeniyeni ndiye imakutumizirani manambala aja pa SMS, nthawi zambiri amakhala 6, inu n'kuwalemba pa tsamba labodza poganiza kuti zonse zili bwino. N'chifukwa chake ambiri amakhulupirira, SMS imakhaladi yoona. Werengani uthenga wonse, osangothamangira manambala, umanena ngati ndi kulowa mu akaunti kapena kulipira ndalama zakutizakuti. Chimodzimodzi apu ya banki ikakufunsani kuti muvomereze malipiro amene simunayambitse, kanani. Ndipo foni ikangotaya netiweki mwadzidzidzi anzanu ali nayo, musadikire mawa, mwina SIM yanu aisinthira kwa wina.

Wa ku Kampepuza, Durban: Nanga munthu akadina kale n'kulemba zonse?

Wa ku Tsangano, Cape Town: Athamange, manyazi asiye. Ngati analemba nambala ya khadi, ayambe ndi kulitseka mu apu ya banki, aimbire banki nthambi yoona zachinyengo. Kenako asinthe pasiwedi ya imelo, chifukwa amene ali ndi imelo yanu atha kusintha mapasiwedi ena onse. Ikatero ndiye ya PayPal kapena kampani inayo, ndi kwina kulikonse kumene anagwiritsa ntchito pasiwedi yomweyo. Mu Gmail aone zipangizo zimene zalowa mu akaunti, achotse zachilendo, aonenso ngati sanamuikire zoti maimelo ake azipita kwa munthu wina. Ambiri amaiwala pamenepa, wakuba n'kupitiriza kuwerenga mwakachetechete. Atsegule two-step verification, chitetezo chofunsa khodi ina kuwonjezera pa pasiwedi, makamaka ya apu monga Google Authenticator, chifukwa siidalira SIM. Malipiro osadziwika pa PayPal awanene ku Resolution Centre, malo a madandaulo mu akaunti ya PayPal. Ngati ndalama zapita, apite ku polisi akatenge nambala ya mlandu, banki kawirikawiri imaifuna. Imelo asaifufute, ndi umboni.

Wa ku Biriwiri, Leeds: Amene simunadine: itumizeni momwe ilili ku phishing@paypal.com ngati ikunamizira PayPal, kenako muiike ku spam. Osayankha, osadina unsubscribe, osatsegula fayilo yothera ndi .html, .zip kapena .apk. Ya .apk ndi pulogalamu ya Android, ina imawerenga ma SMS anu onse.

Wa ku Lizulu, Johannesburg: Kumudzinso auzeni. Wakuba akalowa mu imelo yanu amaona dzina ndi nambala ya amene mumawatumizira, ndiye amaimbira mayi ku Bawi kapena ku Manjawira kuti ndalama za mwana wanu zakanirira, tipatseni PIN ya Mpamba kapena Airtel Money. Auzeni kuti PIN sapatsa munthu, ngakhale ajenti wa pamsika, ailembe okha pa foni yawo. Balansi aone okha pa *444# kapena *211#, asadalire SMS. Nambala yolandirira ndalama, monga MTCN ya Western Union ija ya manambala 10, muziwauza poimba foni, osaiponya m'gulu la banja lonse.

Wa ku Kampepuza, Durban: Zikomo kwambiri achimwene. A ku Nsipe, madzulo mundijambulire mmene mumaikira Authenticator ija, foni yanga ndi Samsung.

Wa ku Nsipe, Rustenburg: Chabwino achemwali, ndikaweruka. Mukonzeretu pepala ndi cholembera, Gmail imapereka makhodi 10 apadera olowera mu akaunti foni ikatayika. Amenewo mulembe papepala, musawasunge mu foni.