Lobbying ndiitchule chani pa wailesi? Script yabwezedwa kawiri

Nabanda: Anzanga thandizeni, pulogalamu ikuuluka Lachinayi koma mkonzi wandibwezeranso script. Nkhani ndi ya ndende za makampani ku America, CoreCivic ndi GEO Group. Boma limawalipira pa mkaidi aliyense patsiku, ndipo makontirakiti ena amati lilipirebe ngakhale mabedi ali opanda anthu. Pofika pa ndalama zomwe amapereka kwa andale ndinalemba "ziphuphu", iye wazunguliza ndi bolopeni yofiira. Ndiye lobbying ndinene chani? Ndili ndi masekondi 90 okha.

Jafali: Ziphuphu basi. Ukapatsa wandale ndalama kuti lamulo likukomere, agogo akumudzi amati chani?

Mayi Gondwe: Musayerekeze achemwali. Kumeneko ndalama za kampeni ndi za lobbying nzololedwa ndipo zimalembedwa poyera, pa webusaiti ya OpenSecrets muzipeza. Nenani kuti amalipira anthu okawanyengerera aphungu. Ine mawu amodzi ngati amenewo anandionetsa zakuda. Kampani ina kuno inatumiza kalata ya loya m'mawa, madzulo ndinali mu studio kuwerenga chipepeso ndi pakamwa panga, masiku atatu otsatizana. Tepi ya gwero langa inali itafufutika.

Jafali: Kunyengerera ndi kwa mwana wokana phala. Ziphuphu.

aChisale: Bwanji osangoyala zaka, omvera aweruze okha? Januwale 2021 Biden analamula kuti unduna wa zachilungamo usawonjezerenso makontirakiti ndi ndende zimenezi, koma malo osungira anthu olowa m'dziko popanda mapepala, a ICE, sanawakhudze, pomwe ndi kumene kuli ndalama zambiri. Trump atapambana mu Novembala 2024 masheya a makampani awiriwo anakwera kwambiri, ndipo mu Januwale 2025 Trump anachotsa lamulolo. Koma musanene kuti makampaniwo chisankho anachigula.

Mphwanga wa ku Joni: Mukufuna ziphuphu zenizeni bwerani kuno. Lindela, komwe abale athu amasungidwa asanawabweze kumudzi, inkayendetsedwa ndi kampani ya Bosasa. Angelo Agrizzi, yemwe anali mmodzi wa mabwana a Bosasa, anauza komishoni ya Zondo yofufuza za katangale mu 2019 za ndalama zopita kwa akuluakulu a boma. Apo mutha kunena, bola muziti "anatero Agrizzi".

Jafali: Mwaona? Kusiyana kwake nkoti aku America amalemba risiti.

Mayi Gondwe: Risitiyo ndi imene imakupambanitsa kapena kukugwetsa kukhoti, aJafali. Nabanda, chilichonse chomwe mwatenga pa intaneti sungani screenshot yokhala ndi tsiku.

aChisale: Mphwanga, ndende ija mkaidi Thabo Bester anathawamo mu 2022 atasiya mtembo wopsa m'selo, si ya Bosasa eti?

Mphwanga wa ku Joni: Ayi, ndi Mangaung ku Bloemfontein, ya G4S. Osazisakaniza pa mphepo.

Jafali: Ndikadali pa ziphuphu ine.