Peugeot 404 yakuda ikungoonetsa nkhope yanga pachitseko, magazini ikudikira

Lenzi ya ku Limbe:
Akuluakulu, ndabwera ndi vuto. Magazini ina yandipatsa ntchito yojambula Peugeot 404 imene bambo wina kuno ku Blantyre waikonzanso yonse, kuyambira injini mpaka mipando. Akufuna masamba anayi, chithunzi chimodzi chodzaza masamba awiri, mwinanso chikuto. Galimotoyo ndi yakuda bii, penti yake yopolishidwa kwambiri. Ndinakayesa kujambula masana pa galaja pawo. Pachitseko pakuoneka ineyo ndi tripod yanga (miyendo itatu yoimikapo kamera), paboneti pali mtengo wa mango ndi mawaya a magetsi, mabampa angoyera mbee. Ndikachepetsa kuwala kuti mabampa aoneke, thupi lonse likukhala mdima wokhawokha. Ndili ndi kamera ya 24 megapixel, lenzi ya 24-70 ndi ya 70-200 f/2.8, mafulashi awiri ndi softbox (bokosi lofewetsa kuwala kwa fulashi) imodzi ya masentimita 90. Ndimaganiza zopita nayo ku minda ya tiyi ku Thyolo. Ndiyambire pati?

Mayi wa Maukwati:
Achimwene, polarizer, fyuluta yoika kutsogolo kwa lenzi, muli nayo? Popanda imeneyo musapite. Mukaizungulira imachotsa kunyezimira pa penti ndi pa magalasi. Lenzi yanu ya 70-200 imalowa ya 77mm, ine ndili nayo, mubwere mudzabwereke. Imadya kuwala kwambiri, pafupifupi masitopu awiri, ndiye tripod musaisiye.

Studio ya ku Lilongwe:
Ine ndikanaijambula usiku. Lowetsani galimoto m'nyumba yaikulu yamdima, kamera pa tripod, shutter masekondi 10 kapena 15, inu muziyenda m'mbali mwake mutanyamula nyali yaitali. Zithunzi zingapo, muphatikize pa Photoshop. Palibe mtengo, palibe waya, palibe dzuwa lokuthamangitsani.

Mdala wa Filimu:
Mwana wanga, tiyambe tamvana chimene chikukuvutitsa. Galimoto yakuda yopolishidwa ndi kalilole. Penti yakuda payokha ilibe choonetsa kamera, chonse chimene ukuona pathupi pake ndi zinthu zimene zaizungulira. Ndiye funso lako lisakhale lakuti ndiiwalitse bwanji, koma lakuti ndikaiimike pati kuti zimene zigwere pathupi pake zikhale zokongola.

N'chifukwa chake mafulashi akowo usiye kunyumba. Fulashi pa penti yakuda imangosiya kadontho koyera, kwina konse kuli bii. Softbox ya masentimita 90 ingakwane nkhope ya mkwatibwi, koma galimoto ya mamita oposa anayi ikufuna chowalitsa chachikulu kuposa iyo mwini. Chowalitsa chotere ife tili nacho chaulere, ndi thambo.

Polarizer ya achemwali tenga, koma usaichotsere kunyezimira konse. Ukatero galimoto iphwathalala, mizere yake isowa. Maonekedwe a 404 anawapanga ndi a kampani ya ku Italy ya Pininfarina, ndipo kukongola kwake kuli pa mzere wowongoka uja wochokera pa nyali yakutsogolo kukathera pa timapiko takumbuyo. Mzerewo umaoneka chifukwa cha thambo limene lagwera pamwamba pa chitseko, pansi pake n'kutsala pakuda. Chimene ukufuna ndi kunyezimira koyera bwino, kopanda mitengo, madenga kapena anthu.

Za ku Thyolo ndikukana. Kumbuyo kwa galimoto kudzaoneka bwino ndithu, koma tayang'ana kumbuyo kwa iweyo: mitengo ya bulugamu, zitunda, tiyi wobiriwira mbali zonse. Zonsezo zidzakhala pachitseko, ndipo galimoto yakuda idzaoneka yobiriwira. Posankha malo uziyamba watembenuka n'kuona chimene chili kumsana kwako.

Lenzi ya ku Limbe:
Madala, ndamva. Ndiye malo ake akhale otani? Mkonzi wanenetsa kuti chithunzi chachikulucho chioneke kuti ndi ku Malawi kuno, n'chifukwa chake ndinaganiza za tiyi. Za usiku zija ndazikonda koma zingaoneke ngati zajambulidwa kulikonse.

Mdala wa Filimu:
Pita ku chigwa cha kumadzulo kwa phiri la Mulanje, mbali za Luchenza kapena potsika msewu wa Midima. Upeze bwalo lotseguka, ngakhale bwalo la mpira, upemphe eni ake. Galimoto ikhale pakati pa iwe ndi phiri. Iwe uyang'ane kum'mawa, kumsana kwako kukhale kumadzulo kopanda mtengo pafupi. Dzuwa likangolowa, thambo lakumadzulo limatsala lowala, lofiirira pansi, labuluu pamwamba, ndipo lonselo lidzadziyala pambali pa galimoto bwinobwino. Phiri lidzakhala kumbuyo, aliyense adzadziwa kuti ndi kwathu.

Koma nthawi yake ndi yochepa. Mwezi uno wa June dzuwa likulowa 5 koloko itangopitirira pang'ono, ndipo kuno mdima suchedwa. Uli ndi mphindi 20, mwina 25. Ufike 3 koloko, uimike galimoto, uike tripod, upukute, zonse zikhale zatha dzuwa lisanalowe.

Tenga 70-200, uime patali, pa 135mm kapena kupitirira. Ukatalikira, chithunzithunzi chako pachitseko chimachepa, ndiponso phiri limaoneka lalikulu. 24mm pafupi idzatupitsa mphuno ya galimoto, mwini wake sadzakondwa. Kamera itsike kufika pa msinkhu wa nyali zakutsogolo. Usayang'anizane ndi chitseko mwachindunji, ima chapakona kuti uone kutsogolo ndi mbali pamodzi. Valani zakuda nonse, tripod uiphimbe ndi nsalu yakuda.

Studio ya ku Lilongwe:
Pa mfundo ya mkonziyo ndavomera, phiri lapambana. Koma madala, June ndi nyengo ya chiperoni. Akafika n'kupeza phiri lonse lili m'mitambo?

Mdala wa Filimu:
Akapeza mitambo asabwerere. Tsiku la chiperoni lopanda mvula ndi labwino zedi pa zithunzi zapafupi: nyali, chizindikiro cha mkango, zogwirira zitseko, m'kati. Choipa ndi kamvula kowaza kaja, timadontho pa penti yakuda timaoneka tonse. Apangane ndi mwini galimoto masiku awiri, osati limodzi.

Makaniko Wojambula:
Ndilowepo pa za mabampa. Polarizer sigwira pa chitsulo, kaya chrome kaya stainless steel imene a Peugeot ankaika pa mabampa a 404. Muizungulire mpaka dzanja litope, palibe chidzasinthe. Chitsulo chonyezimira chimafuna muchipatse choonetsa. Tengani nsalu ya pabedi yoyera, muiyale pansi kutsogolo kwa galimoto pamene kamera sikuona, ina anthu awiri aigwire chapambali. Bampa idzawala mofewa. Musiye kampata kakuda pakati, chifukwa chitsulo chikayera chonse chimaoneka ngati pulasitiki.

Chinanso, polarizer imaonetsa mawangamawanga pa magalasi olimbitsidwa ndi moto, makamaka am'mbali ndi lakumbuyo. Mukawaona musaganize kuti lenzi yawonongeka, bwezani pang'ono fyuluta kapena tsitsani magalasi am'mbali onse.

Pa fumbi ndikupemphani, musapukute ndi nsalu youma. Penti yakuda imakandika msanga, ndipo bamboyo wataya ndalama ndi nthawi yambiri. Funsani iye mwini chimene amapukutira, makamaka apukute yekha. Mukafika mudikire boneti izizire. Matayala muwatsuke, koma musawapake zonyezimira kwambiri, galimoto za m'ma 1960 sizinkaoneka choncho. Matayala akutsogolo muwakhotetse pang'ono kuti kamera ione nkhope ya wilo, osati mapazi a tayala.

Mayi wa Maukwati:
Zoona za chitsulozo. Ndiwonjezere: polarizer singayeretse galasi lakutsogolo ndi chitseko nthawi imodzi, chifukwa zayang'ana kosiyana. Kamera isasunthe, jambulani chimodzi mutaizungulira kuti galasi lakutsogolo lionetse m'kati, china kuti mbali ioneke mmene mukufunira, chachitatu chochepa kuwala chifukwa cha mabampa. Pophatikiza ndi ntchito yaing'ono. Manual yokhayokha, ISO 100, f/8 kapena f/11, RAW. Kamera mukaisiya iganize yokha idzayesa kusandutsa chakuda kukhala chotuwa, thambo n'kupserera. Gwiritsani timer ya masekondi awiri kuti dzanja lisagwedeze.

Wokonza Masamba:
Ine sindijambula, ndimalandira zithunzi zanu n'kuziyala pa masamba, ndiye mundimvere pang'ono. Funsani mkonzi kukula kwa magazini. Ngati ndi A4, masamba awiri ndi 420mm kwa 297mm, kuwonjezera 3mm mbali zonse zokadula ku makina. Pa 300 dpi ndi mapikiselo pafupifupi 5030 kwa 3580. Kamera yanu imatulutsa 6000 kwa 4000. Ikukwana, koma malo odula ndi ochepa, ndiye chithunzicho muchikonze pojambula pomwepo.

Pakati penipeni pamakhala mpindiro. Chilichonse chofunika chikagwera pamenepo chimamezedwa, kaya chizindikiro, nyali kapena nkhope ya munthu. Galimoto ikhale kwambiri tsamba limodzi, mbali inayo musiye thambo kapena phiri kuti tiikepo mutu wa nkhani. Za chikuto jambulani choimirira padera, pamwamba pakhale malo a dzina la magazini. Musadule chogona kuti chikhale choimirira.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi chakuda. Pa sikirini mumaona mizere ya chitseko ndi mapazi a tayala, koma papepala inki imathinana, zonse n'kukhala chigamba chimodzi. Mithunzi muitsegule kuposa mmene diso lanu likufunira. Ndipo mundipatse TIFF kapena JPEG yathunthu, osati yodutsa pa WhatsApp.

Makaniko Wojambula:
Masamba otsalawo musawadzaze ndi galimoto yaima mbali iyi, yaima mbali iyo. Amene anakwerapo 404 akufuna aone giya ya pa siteringi. Tsegulani boneti, injini yake ya 1.6 inagonekedwa chopendekera, ndipo ntchito yaikulu ya wokonza ili mmenemo. Softbox yanu ija ndi pamene igwire ntchito, m'kati ndi mu injini, muiike kunja kwa galasi kuwala kulowe chapambali. Mumuuze wolemba nkhani kuti galimotoyi inatuluka mu 1960 ndipo inapambana mpikisano wa magalimoto wa East African Safari mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968. Mbiri yake ndi ya misewu yafumbi, choncho chithunzi chimodzi ikuyenda pa msewu wadothi sichingaipe, shutter 1/60, kamera izitsatira galimoto. Chimenechi chikhale chomaliza, zoyera zonse zitatha. Ndiponso bamboyo ndi amakaniko ake alowe m'chithunzi, manja awo aoneke. Nambala ya galimoto mufunse ngati akufuna ioneke.

Studio ya ku Lilongwe:
Pokonza pa kompyuta muchotse fumbi ndi waya basi. Mipata ya zitseko kapena mtundu wa mipando musasinthe. Odziwa galimoto zakale amaona, ndipo wonyozeka adzakhala mwini wake.

Lenzi ya ku Limbe:
Akuluakulu, ndabwerako, zikomo nonse. Tinapeza bwalo mbali ya Luchenza, a mfumu anatilola. Tsiku loyamba kunali mitambo, tinamaliza za m'kati, injini ndi zapafupi. Lachiwiri kunayera. Dzuwa litangolowa mzere uja madala ananena unatuluka kuchokera pa nyali mpaka kumbuyo, phiri lili kumbuyo kwake. Ndinali pa 150mm, f/9, theka la sekondi. Nsalu yoyera inathandiza bampa yakutsogolo. Vuto latsala pa zophimba mawilo, ndi zozungulira ndiye zikuonetsa bwalo lonse, ndi ana amene anabwera kudzaonerera ali momwemo ting'onoting'ono. Ndiwachotse?

Wokonza Masamba:
Pa masamba awiri sadzaoneka, siyani. Pa chithunzi chapafupi cha wilo chokha ndiye muyeretse. Mukatumiza muuze mkonzi apemphe proof, tsamba loyesera, ku makina osindikizira asanasindikize zonse, muone chakudacho ndi maso anu papepala.

Mayi wa Maukwati:
Mwachita bwino achimwene. Polarizer ija mundibweretsere Lachisanu lisanafike, Loweruka ndili ndi ukwati ku Zomba.