Kukaona siteshoni ya Grand Central ku New York m'nyengo ya Khirisimasi

Mlendo wa Disembala analemba kuti:

Moni nonse. Banja lathu likhala mumzinda wa New York chapakati pa mwezi wa Disembala, ndipo tikufuna kukaona siteshoni yakale ya sitima ya Grand Central pamodzi ndi mwana wathu wa zaka 8 komanso amayi anga, amene miyendo imawavuta akaima nthawi yaitali. Ndamva kuti m'nyengo imeneyi mumakhala msika wa Khirisimasi ndiponso chionetsero cha tisitima tazidole, koma zimene ndawerenga zikundisokoneza, chifukwa ena akuti chionetserocho chili m'siteshoni momwemo pamene ena akuti munthu ayenera kukwera sitima kuti akachipeze. Amuna anga akuti ola limodzi likwanira poti siteshoni ndi siteshoni basi, koma ine ndikuganiza kuti tipatule tsiku lathunthu. Ndikupempha amene mukuwadziwa malowa mundithandize: kodi polowa pamafunika tikiti, nthawi yabwino yofikira ndi iti, nanga agogo angapeze pokhala akatopa?

Wokwera Metro-North anayankha kuti:

Takulandirani, mayi. Kulowa n'kwaulere, chifukwa iyi ndi siteshoni imene ikugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku, ndipo tikiti imafunika pokhapokha ngati mukukwera sitima. Ine ndimadutsamo popita ndi pochokera kuntchito, choncho ndikuchenjezeni za nthawi. Sitima za Metro-North, kampani yonyamula anthu pakati pa mzindawu ndi madera ouzungulira, zochokera m'njanji zitatu za Hudson, Harlem ndi New Haven zimakhuthula anthu ogwira ntchito kuyambira cha m'ma 7 mpaka 9 koloko m'mawa, ndipo anthu omwewo amabwerera madzulo kuyambira cha m'ma 5 koloko. Munthu amene waima pakati pa holo n'kumayang'ana kudenga nthawi imeneyo amagundidwa mapewa uku ndi uku, ndipo kwa agogo zimenezi si zabwino. Mufike cha m'ma 10 koloko m'mawa mkati mwa sabata. Loweruka ndi Lamlungu ogwira ntchito amachepa, koma mu Disembala alendo amachuluka moti phindu lake silioneka.

Za pokhala, dziwani kuti m'holo yaikulu, imene imatchedwa Main Concourse, mulibe mabenchi, ndipo kukhala pansi kapena pamasitepe sikuloledwa. Mipando ili kunsi, kumene kuli malo odyera, ndipo zimbudzi zilinso komweko. Ubwino wake ndi wakuti amene anamanga nyumbayi anaika njira zotsetsereka zolumikiza nsanjika zake, motero agogo akhoza kutsika pang'onopang'ono popanda kulimbana ndi masitepe, komanso zikepe zilipo. Musabwere ndi masutikesi, chifukwa malo osungitsa katundu mulibe.

Msika umene mwamvawo umatchedwa Holiday Fair ndipo umachitikira mu Vanderbilt Hall, chipinda cha mbali ya ku 42nd Street chimene kale chinali chodikiriramo apaulendo. Umayamba chapakati pa Novembala n'kutha pa 24 Disembala. Amalonda ake ndi makumi ochepa chabe, ndipo ambiri amagulitsa zinthu zopanga pamanja monga ndolo, zibangili, masikafu, zithunzi ndi zokongoletsera mtengo wa Khirisimasi. Zinthuzo ndi zabwino koma mitengo yake ndi yokwera, ndipo munthu wosagula kanthu amauzungulira wonse pasanathe theka la ola. Chimene umaposera misika ina ya mumzindawo n'chakuti uli m'nyumba yofunda. Ngati mukufuna msika waukulu, yendani chakumadzulo mumsewu womwewo wa 42nd Street mpaka ku Bryant Park, kuseri kwa laibulale ya New York Public Library, kumene kuli timashopu tambirimbiri komanso bwalo la ayezi lotsetserekapo, koma kumeneko mukhala panja pozizira.

Wokonda Njanji anayankha kuti:

Mayi, zimene anena anzangawa ndi zoona, koma ine ndikuti msikawo muuone ngati chongowonjezera, chifukwa chinthu chachikulu chokaona ndi nyumbayo. Amuna anu akakhala kuti angodutsamo osadziwa poyang'ana, ola limodzi liwakwaniradi, koma akadziwa chifukwa chake inamangidwa motero, sadzafulumira kutuluka.

Siteshoni imene ilipoyi inabadwa chifukwa cha ngozi. Mu Januwale 1902, sitima ina inawomba inzake kumbuyo mumphanga ya pansi pa msewu wa Park Avenue, chifukwa utsi ndi nthunzi zinadzaza mphangayo moti woyendetsa sanaone zizindikiro, ndipo anthu 15 anafera pomwepo. Zitatero, boma la New York linakhazikitsa lamulo loletsa sitima zamalasha kulowa m'dera limeneli kuyambira mu 1908. Injiniya wamkulu wa kampani ya njanji ya New York Central, William Wilgus, anaona kuti sitima zamagetsi sizifuna mlengalenga wotulutsira utsi, choncho njanji zonse zikanatha kukwiriridwa pansi pa nthaka m'nsanjika ziwiri, ndipo malo a pamwamba pake akanatha kubwereketsedwa kwa omanga mahotela ndi maofesi kuti ndalama zake zithandize kulipirira ntchitoyo. Ntchito yomanga inatenga zaka pafupifupi 10, sitima zikuyendabe tsiku lililonse, ndipo siteshoniyo inatsegulidwa pa 2 Febuluwale 1913. Ili ndi mapulatifomu 44, ndipo mukamayenda mu Park Avenue kumpoto kwa siteshoniyo, mumakhala mukuponda pamwamba pa njanji.

Mukalowa m'holo yaikulu, imani pafupi ndi wotchi ya nkhope zinayi imene ili pamwamba pa kanyumba kofunsirapo za maulendo, kenako mukweze maso. Denga lake, limene lili pamtunda wa mamita pafupifupi 38, ndi lobiriwira ndipo linajambulidwa nyenyezi zagolide pafupifupi 2,500, zina mwa izo zowala ndi magetsi. Anthu odziwa zakuthambo anazindikira siteshoni itangotsegulidwa kuti magulu ambiri a nyenyezizo anajambulidwa chotembenuza, kum'mawa kuli kumadzulo. Malongosoledwe amene anthu amabwereza kawirikawiri ndi akuti chithunzicho chikuonetsa thambo mmene lingaonekere kwa woliyang'ana ali kunja kwake, koma ine ndimaona kuti amenewa ndi mawu ophimbira cholakwa cha amisiri.

Mwana wanu mumupatse ntchito yofufuza kachigamba kakuda kamene kali m'mphepete mwa dengalo, pafupi ndi chithunzi cha nkhanu. Pofika m'ma 1980 denga lonse linali litada ndi mwaye ndi fumbi moti nyenyezi sizinkaoneka bwino, ndipo amene analitsuka m'ma 1990 anasiya dala kachigamba kameneko kuti anthu aziona mmene zinthu zinalili. Ntchito yokonzanso nyumbayo inatha mu 1998, ndipo masitepe akuluakulu a mbali ya kum'mawa, ngakhale amaoneka akalekale, anamangidwa nthawi imeneyo potengera a kumadzulo. Akapeza kachigambako, mumuuze awerenge tizipatso ta mtengo wa oak ndi masamba ake tosemedwa pamiyala ndi pazitsulo za nyale, chimene chinali chizindikiro cha banja la Vanderbilt, eni ake a njanjiyo.

Nyumbayi inatsala pang'ono kuwonongedwa. Siteshoni inzake yokongola, Pennsylvania Station, inayamba kugwetsedwa mu 1963, ndipo chisoni cha anthu pa nkhaniyo chinathandiza kuti mzindawo ukhazikitse lamulo loteteza nyumba zakale mu 1965. Grand Central inalowa m'gulu la nyumba zotetezedwa mu 1967, koma kampani ya njanji ya Penn Central, imene inkayendetsa siteshoniyo ndipo inali pamavuto a zachuma, inkafuna kumanga nsanja yaitali ya maofesi pamwamba pake ndipo inatengera mzindawo kukhoti. Jacqueline Kennedy Onassis, amene kale anali mkazi wa Pulezidenti John F. Kennedy, anali mmodzi mwa anthu otchuka amene anatsogolera ntchito yoiteteza kuyambira mu 1975, ndipo mu 1978 khoti lalikulu kwambiri la dziko la United States linagamula mokomera mzindawo.

Pomaliza, potsikira kumalo odyera muime pakhomo la lesitilanti ya Oyster Bar, imene inatsegulidwa chaka chomwecho cha 1913. Pamenepo pali denga lokhota la matailosi a kampani ya Guastavino, ndipo munthu akaima pakona imodzi atayang'ana kukhoma n'kunong'ona, mnzake amene waima pakona yopingasana nayo amamva mawuwo bwinobwino ngakhale pakati pawo pakudutsa anthu. Agogo aime kwina, mdzukulu kwina.

Mayi wa ana awiri anayankha kuti:

Ndiyankhe za tisitima tazidole, poti anzangawa sanazikhudze. Amene mwawawerenga onse akunena zoona, chifukwa zionetserozi ndi ziwiri ndipo mayina ake ndi ofanana, Holiday Train Show. Choyamba ndi cha New York Transit Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale za sitima ndi mabasi, ndipo chimachitikira m'kachipinda kawo kamene kali m'siteshoni momwemo, m'njira yotchedwa Shuttle Passage pafupi ndi holo yaikulu. Tisitima ta kampani yopanga zidole ya Lionel timanyamuka pa kachifanizo ka Grand Central, n'kumadutsa pakati pa tinyumba ta mumzinda ndi timidzi mpaka kukafika kwawo kwa Santa Claus. Ndi chaching'ono ndithu, moti wamkulu amakhutira pa mphindi zochepa, koma mwana amamatira pagalasi kudikira kuti kasitima kamene kalowa mumphanga katulukire mbali ina. Dongosolo lolowera limasintha chaka ndi chaka, choncho muone pa webusaiti ya Transit Museum musanapite.

Chachiwiri, chimene ndi chachikulu kwambiri, chili kumunda wa zomera wa New York Botanical Garden ku Bronx, dera la kumpoto kwa mzindawo, m'nyumba yagalasi yosungiramo zomera yotchedwa Enid A. Haupt Conservatory. Kumeneko zifanizo za nyumba zotchuka za mumzindawo, monga Grand Central yomweyo, Statue of Liberty ndi mlatho wa Brooklyn, zimapangidwa ndi makungwa, timitengo, masamba ndi njere, ndipo tisitima timadutsa pamilatho ili pamwamba pa mitu ya anthu. Kulowa n'kolipira ndipo tikiti imakhala ya ola loikika, motero muigule pa intaneti nthawi ikadalipo, chifukwa za masiku oyandikira Khirisimasi zimatha msanga. Kuchokera ku Grand Central mumakwera sitima ya njanji ya Harlem kwa mphindi pafupifupi 20 n'kutsika pa siteshoni ya Botanical Garden, imene ili moyang'anizana ndi geti. Mutsimikize pabolodi kuti sitimayo imaima pamenepo, popeza zina zimangodutsa, ndipo tikiti mugulire pasiteshoni kapena pafoni, chifukwa kugulira m'sitima kumakwera mtengo.

Pa nkhani ya nthawi ndikusiyana pang'ono ndi a Wokwera Metro-North. M'mawa cha m'ma 10 ndi bwinodi kwa agogo, koma siteshoni yopanda khamu lake simunaione yonse. Mukabwerako ku Bronx madzulo, kwerani pakhonde la pamwamba pa masitepe, muime pambali kwa mphindi zochepa, ndipo muone anthu akutuluka m'makomo onse ngati linthumbu, aliyense ndi njira yake, osawombana. Nthawi imeneyo kunja kumakhala kutada kale, chifukwa mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 4:30, ndipo nyale za m'holomo pamodzi ndi nkhata za Khirisimasi zimaoneka bwino kuposa masana.

Mlendo wa Disembala analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse, mwandimasula. Tagwirizana kuti m'mawa tikhale m'siteshoni ndipo masana tipite ku Bronx. Mwanayu wafunsa ngati adzaone sitima zenizeni, osati zidole zokha, chifukwa m'zithunzi zonse zimene taona za malowa simukuoneka sitima ngakhale imodzi.

Wokwera Metro-North anayankhanso kuti:

Wafunsa bwino mwanayo, mayi. Sitima sizioneka m'holo chifukwa zonse zili kuseri kwa makomo okhala ndi manambala, ndipo mukalowa pakhomo lotere mumapeza pulatifomu yamdima, yotentha ndiponso yaphokoso la mainjini, yosiyana kwambiri ndi kukongola kwa m'holomo. Mukakwera yopita ku Bronx, mphindi zoyambirira mudzayenda mumphanga yomwe ija ya pansi pa Park Avenue, kenako sitima idzatulukira poyera cha pa 97th Street n'kukwera pamlatho wautali wodutsa pakati pa nyumba za ku Harlem, kuima pa 125th Street, ndi kuwoloka mtsinje wa Harlem. Mumukhazike pawindo kuti aone sitima zina zikudutsana ndi yanu, chifukwa njanji zonse zitatu zimayendera limodzi m'chigawo chimenechi.

Ngati agogo ali ndi mphamvu, kunsi kwenikweni kwa siteshoniyo kuli gawo latsopano lotchedwa Grand Central Madison, limene linatsegulidwa mu Januwale 2023 kuti sitima za Long Island Rail Road zizifika kumeneku, ndipo masitepe oyenda okha otsikira kumeneko ndi aatali kwambiri moti ana amawakonda. Sitima za Amtrak zopita kumizinda yakutali musazifunefune kuno, chifukwa zinasamukira mu 1991 ku Penn Station, siteshoni ya pansi pa nthaka imene inatsala pamalo a Pennsylvania Station ija. Muvale zofunda zosavuta kuvula, popeza panja padzakhala pozizira pamene m'nyumba yagalasi ya ku Bronx mumatentha.