Kodi nkololedwa kutuma mwana kukagula mowa kuti ogulitsa agwidwe?

Abale anga ndithandizeni maganizo, makamaka inu odziwa malamulo kapena amene muli m'magulu a chitetezo cha m'mudzi.

Ndili mu komiti ya makolo pa sukulu ina kuno ku Kamwendo, Mchinji. Anyamata a Fomu 1 ndi 2 akumalowa m'kalasi akununkha kachasu ndi timidoli tija. Lamulo limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18, koma ogulitsa ukawafunsa amangoti "anatumidwa ndi bambo ake."

Pamsonkhano wathu bambo wina anafotokoza kuti ku UK ndi ku America apolisi amatuma wachinyamata wosakwana msinkhu kukayesa kugula mowa, wapolisi wovala zovala wamba ali chapafupi. Akamugulitsa, wogulitsayo amalipitsidwa chindapusa, mwinanso kulandidwa laisensi. Anthu anaikonda nzeruyi, ndipo akufuna titengere kupolisi dzina la mwana wa mchemwali wanga wa zaka 15, yemwe ndikulera ine.

Mtima wanga ukukana. Vutoli likundipweteka ndithu, koma kuno aliyense amadziwa kuti uyu ndi mwana wa ndani. Adzidutsa pa shopu yomweyo m'mawa uliwonse popita kusukulu. Mwini wake akatuluka pa belo, amuteteze ndani?

Kodi lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limalola zoterezi? Nkhani ikafika kukhoti, mwanayu akaimikidwa ngati mboni? Kapena tiyambire kukhonsolo komwe amapereka malaisensi a mowa? Amene munathana nalo vutoli kwanu popanda kugwiritsa ntchito mwana, munayenda bwanji?