Ndikukachotsedwa mawere onse awiri: ndikonzekere bwanji, ndipo ndiwauze chiyani kumudzi?

Mlongo wa ku Yeoville:

Ndili ndi zaka 29 ndipo ndimagwira ntchito m'sitolo kuno ku Johannesburg. Mayi anga anamwalira ndi khansa ya m'mawere ku Machinga ali ndi zaka 41, ndipo amayi aang'ono anawatsatira ndi nthenda yomweyo. Miyezi itatu yapitayo ndikusamba ndinakhudza kachotupa kolimba ngati nyemba kubere lakumanzere. Atakayeza anapeza kuti ndi khansa, ndipo atandiyezanso magazi anandiuza kuti jini yanga (kanthu ka m'thupi kamene munthu amatengera kwa makolo ake) yotchedwa BRCA1 ili ndi vuto lakumtundu limene limawonjezera chiopsezo cha khansa ya m'mawere, choncho ndavomera kuti achotse mawere onse awiri pakutha pa masabata atatu.

Mpeni wa dokotala sindikuuopa kwambiri. Chimene chikundisowetsa tulo ndi agogo anga, amene amakhulupirira kuti ana awo awiri anachita kulodzedwa, komanso mng'ono wanga wa zaka 24 amene sakudziwa kanthu. Inu amene munadutsamo, ndikonze chiyani, ndipo nkhaniyi ndiiyambe bwanji?

Mayi wa ku Rosettenville:

Mwanawe, pepa kwambiri. Ine anandichotsa bere limodzi zaka 6 zapitazo ndipo lero ndikugwirabe ntchito ya m'nyumba, choncho ndikuuza zimene ndinaona ndi maso anga. Ukadzatsitsimuka udzapeza timapaipi totuluka m'mbali mwa chifuwa, tothira madzi osakanikirana ndi magazi m'timabotolo, ndipo udzapita nato kunyumba kwa sabata imodzi kapena awiri. Ine ndinasoka kathumba ka nsalu ya chitenje kokoleka m'khosi kuti ndiziikamo kabotoloko. Konzeratu malaya omanga mabatani kutsogolo, chifukwa sudzatha kukweza mikono kuti uvale diresi yodzera kumutu, ndipo mapoto, makapu ndi ufa uzitsitsiretu pamalo ofikira osatambasula dzanja. Mutakisi uziika kapilo pachifuwa. Koposa zonse, upeze munthu wodzagona nawe sabata yoyamba, chifukwa ngakhale kudzuka pabedi kumafuna wokugwira. Amayi a bungwe la Reach for Recovery, amene nawonso anadwalapo nthendayi, ndi amene anandipatsa kabere kansalu kofewa kovala m'kamisolo bala litayamba kupola.

Namwino wa ku Soweto:

Mchemwali, musanalowe m'chipinda cha opaleshoni mufunse dokotala ngati adzachotsenso anabere a m'khwapa, chifukwa akachotsa ambiri mkono umatha kumatupa m'tsogolo, ndipo mudzafunika kuphunzitsidwa moyendetsera mkonowo kuyambira masiku oyambirira. Mufunsenso ngati n'zotheka kuumba mawere atsopano tsiku lomwelo kapena pambuyo pake. Ngati mukufuna kudzabereka, nenani panopa musanayambe kemo (mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa), pakuti mankhwalawo amatha kuwononga mazira. Kubereka kumatheka mawere atachotsedwa, koma kuyamwitsa ayi. Dziwaninso kuti vuto la BRCA1 limawonjezeranso chiopsezo cha khansa ya m'timatumba ta mazira, n'chifukwa chake madokotala amalangiza zotichotsa munthu akafika zaka zapakati pa 35 ndi 40 atamaliza kubereka.

Za mng'ono wanu musazengereze. Kholo likakhala ndi vutoli, mwana aliyense, wamkazi kapena wamwamuna, akhoza kutengera kapena ayi, theka ndi theka, ndiye ngati muli ndi alongo anu nawonso auzidwe chifukwa akhoza kupatsira ana awo aakazi. Alangizi a za matenda akumtundu a ku yunivesite ya Wits ndi ku NHLS (bungwe la boma loyeza matenda m'malabotale) angakuthandizeni pa kafotokozedwe kake. Kuntchito, lamulo la kuno limapereka masiku 30 olipidwa a matenda pa zaka zitatu zilizonse kwa wogwira masiku asanu pa sabata, ndipo ngati mumadulidwa ndalama ya UIF (thumba la boma lothandiza ogwira ntchito malipiro akaima) mukhoza kupempha chithandizo masikuwo akatha.

Bambo wa ku Mayfair:

Ine ndingolankhulapo za agogo, popeza mkazi wanga anadutsa njira yomweyi. Mawu akuti majini musawatchule n'komwe, chifukwa kwathu ku Machinga ndi ku Mangochi akuluakulu akawamva amaganiza za mizimu, ndipo mudzakhala mwathira mafuta pamoto. Auzeni kuti ndi nthenda yoyenda m'magazi a mtundu, monga mmene mpata wa mano kapena msinkhu umayendera, ndipo palibe amene analakwa. Mudzere kwa amalume anu, kuti akakhale nawo pansi pamkeka m'malo mowauza pafoni.

Mlongo wa ku Yeoville:

Zikomo nonse. Amalume ndawaimbira usiku wathawu ndipo avomera kupita kwa agogo Loweruka. Mng'ono wanga analira nthawi yaitali, kenako anati akwera basi Lachitatu kuti ndikamuchingamire ku Park Station, adzandidwazike komanso adzaonane ndi alangiziwo. Mayi a ku Rosettenville, chitenje ndili nacho, ndi chimene mayi anga anandisiyira; kodi kathumbako mumasoka kotalika bwanji?